LOWERUKA M'MAMAWA KU MTSILIZA: KODI TULO TA MAKOLO TIKUPITA KUTI?

Lachisanu madzulo, dzuwa litapendeka, mtsikana wa Sitandade 8 afika pakhomo nauza amake kuti mawa ana onse a m'kalasi mwake akufunika kusukulu 6 koloko m'mawa kukabwereza masamu. Mlongo wake wa Sitandade 4 nayenso ali ndi uthenga wake: makolo onse aitanidwa Loweruka lomwelo kukatuta mchenga womangira chimbudzi cha ana, ndipo aliyense apite ndi ndowa yake. Mayi uja sakana. Palibe kholo losafuna kuti mwana wake akhoze mayeso, ndipo palibenso kholo lodana ndi chitukuko cha pasukulu. Koma mumtima mwake adziwa kuti tsiku limodzi lija limene ankati agoneko mpaka dzuwa litatuluka lapita.

Nkhani yotere si ya nyumba imodzi. Imachitika m'makomo ambiri, m'tauni ndi kumidzi komwe. Mwina inu amene mukuwerenga nkhaniyi muli pabenchi la chipatala kudikira sikelo mukuti kudandaula za tulo ndi khalidwe la alesi. Ambiri a ife tidaleredwa motero, kuti munthu wolimbikira ntchito ndi amene salola dzuwa kumpeza pamphasa. Kulawira nkwabwino ndithu. Koma a zaumoyo akutiuza kuti tulo ndi chakudya cha thupi, monga momwe zilili nsima ndi ndiwo, ndipo amene amadzimana tulo sabata ndi sabata amadzalipira ndi thanzi lake. Tiyeni tione m'mene zinthu zimayendera ku Mtsiliza, kuti tiphunzirepo kanthu kothandiza mabanja athu.

MTSILIZA NDI MALO OTANI?

Mtsiliza ndi dera la mumzinda wa Lilongwe, loyandikana ndi Mtandire ndi Area 47. Monga Kawale, Biwi, Chinsapo, Mgona, Area 23 ndi Area 25, ndi dera lokhala anthu ochuluka, ndipo ambiri mwa iwo adachokera kumidzi kudzafuna ntchito. Pamene Lilongwe adasanduka likulu la dziko mu 1975, kulowa m'malo mwa Zomba, mzindawu udali waung'ono. Kalembera wa mu 1977 adapezamo anthu osakwana 100,000, koma wa mu 2018 adapeza anthu oposa 989,000.

M'madera ngati Mtsiliza mumakhala alonda a usiku, antchito a m'nyumba, amisiri omanga, oyendetsa kabaza, madalaivala ndi makondakitala a minibasi, ndiponso amayi ogulitsa mandasi, tomato ndi makala. Ntchito zonsezi nzolawirira. Nyumba zambiri zimaphika pambaula, ndipo madzi ndi ogula pakiyosiki, pamene nthawi zina pamakhala mzere wautali wa ndowa ndi zigubu.

Pali kusiyana kumodzi kwakukulu pakati pa moyo wa kumudzi ndi wa m'tauni. Kumudzi anthu amadzuka tambala akalira, koma amagonanso msanga. Nsima ikadyedwa, moto ukazilala, mudzi wonse uli zii. M'tauni bambo amafika mochedwa kuchokera kuntchito, nsima imaphikidwa usiku, mawailesi a m'malo omwera mowa amasokosa mpaka pakati pa usiku, ndipo foni ndi kanema zimachedwetsa ana ndi akulu omwe. Motero munthu wa ku Mtsiliza amadzuka ngati wa kumudzi, koma amagona ngati wa m'tauni. Tulo take timadulidwa kumutu ndi kumchira. Loweruka ndi Lamulungu ndiwo masiku amene akadapumako, ndipo ndi masiku omwewo amene sukulu imamuitana.

6 KOLOKO YA KUSUKULU SI 6 KOLOKO YA KUNYUMBA

Aphunzitsi akanena kuti ana afike 6 koloko, amaona ngati apempha chinthu chaching'ono. Koma tiyeni tiyende chobwerera m'mbuyo kuchokera pa nthawi imeneyo, tione kuti mayi amadzuka nthawi yanji.

Kuti mwana afike 6 koloko, ayenera kunyamuka cha m'ma 5:30. Asananyamuke ayenera kusamba ndi kumwa tiyi kapena phala, ndiye kuti adzutsidwa cha m'ma 4:30. Kuti madzi osamba afunde ndi phala lipse, mbaula iyenera kuyatsidwa cha m'ma 4 koloko, pakuti makala sayaka msanga. Ngati mayiyo amagulitsa mandasi, ayenera kuyamba wakazinga, chifukwa nthawi imene akadakazinga adzakhala ali kumchenga. Ameneyo ndiye kuti adzuka 3:30, nthanda isanatuluke. Chikhalirecho dzulo lake adagona 10:30 usiku, atatha kuchapa yunifolomu ndi kukanda ufa wa mandasi.

Palinso china. Ku Lilongwe m'mwezi wa Novembala dzuwa limatuluka itangopitirira pang'ono 5 koloko, koma m'miyezi ya Juni ndi Julaye limatuluka itakwana kale 6 koloko. M'nyengo yozizira, mwana wonyamuka 5:30 amayenda mumdima. Ndi kholo liti lingalole mtsikana wosinkhuka kudutsa yekha m'tinjira ta pakati pa mipanda nthawi imeneyo? Mayi amamangira chitenje namperekeza. Ngati bambo ndi mlonda, amaweruka m'mawa womwewo maso ali psuu, nalandira uthenga wakuti akufunika kumchenga, ndipo m'malo mogona amatenga fosholo.

CHIFUKWA CHIYANI SUKULU ZIMAITANA M'MAMAWA?

Tisafulumire kuloza chala aphunzitsi, pakuti nawonso ndi makolo, ndipo nawonso amataya tulo tawo pa tsiku lomwelo. Zifukwa zake zilipo, ndipo nzomveka.

Mu 1994, pa ulamuliro wa a Bakili Muluzi, boma lidathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. Chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chidali chinthu chabwino, koma walira mvula walira matope: zipinda, madesiki, zimbudzi ndi aphunzitsi zidachepa. Kuyambira nthawi imeneyo makomiti a sukulu akhala akudalira manja a makolo pa kututa mchenga, miyala ndi madzi, ndipo kumidzi pa kuumba njerwa. Ntchito zoterezi zimaikidwa Loweruka chifukwa ndi tsiku limene ambiri sali kuntchito, ndipo zimaikidwa m'mamawa pothawa dzuwa.

Chachiwiri ndi mayeso a Sitandade 8, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB. Ana okhoza amachuluka kuposa malo a Fomu 1 m'sekondale za boma, makamaka zogonera komweko. Mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza chipinda sangathe kuthandiza aliyense pa nthawi ya masiku onse, motero amawonjezera maphunziro a m'mamawa, a Loweruka ndi a patchuthi.

Chachitatu ndi zochitika zina: mpira wa miyendo ndi wa ntchemberembaye, mipikisano ya kwaya, misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, ndi maulendo okaona malo, monga kunyanja ku Salima, amene basi yake imanyamuka kusanache. M'sukulu zimene ana amalandira phala, monga zothandizidwa ndi bungwe la Mary's Meals, limene lidayamba ntchito yake muno m'Malawi mu 2002, ophika ndi anthu ongodzipereka a m'dera lomwelo, ndipo ambiri ndi amayi. Iwo amalawirira pakati pa sabata kuti ana apeze phala lapsa. Kawirikawiri mayi wophika phala Lachitatu ndi yemweyo amene adzanyamule ndowa Loweruka.

Zonsezi nzabwino. Vuto ndi lakuti poika nthawi palibe amene amawerengera tulo.

TIYENI TIWERENGERE NGONGOLE

Mu 2015 akatswiri a mabungwe awiri a ku America oona za tulo, American Academy of Sleep Medicine ndi Sleep Research Society, adagwirizana kuti munthu wamkulu ayenera kugona maola 7 kapena kuposerapo usiku uliwonse. Tiyeni tiyerekeze ndi mayi wathu uja.

Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu amagona 10 koloko usiku nadzuka 4 koloko m'mawa. Amenewo ndi maola 6, ndiye kuti tsiku lililonse limapereweza ola limodzi, ndipo pa masiku asanu aperewera maola 5. Usiku wa Lachisanu wagona 10:30 nadzuka 3:30. Amenewo ndi maola 5, ndipo aperewera ena 2. Lamulungu ali ndi mapemphero a m'mawa, ndipo ayenera kusambitsa ana ndi kuphikiratu. Agonanso maola 6, liperewera lina limodzi. Tikaphatikiza tipeza maola 8. Sabata iliyonse mayi ameneyu amataya usiku wathunthu. Teremu ikakhala ya masabata 12, ndiye kuti wataya mausiku 12, ngati kuti wachezera maliro khumi ndi awiri.

Tonse timadziwa m'mene thupi limamvera tikachezera pamaliro usiku umodzi. Kusiyana kwake nkwakuti ngongole ya mayi uja imalowa pang'onopang'ono, mwakuti iye mwini saizindikira. Amangoti ndazolowera. Zoona zake nzakuti munthu amazolowera kumva kutopa, koma thupi silisiya kufuna tulo timene lamanidwa.

KODI TULO TIMAGWIRA NTCHITO YANJI M'THUPI?

Munthu akagona, thupi silikhala chabe. Muli ntchito zimene zimachitika usiku.

Yoyamba ndi kupumitsa mtima. Tikagona, mtima umagunda pang'onopang'ono ndipo mphamvu ya kuthamanga kwa magazi imatsika. Munthu wogona maola ochepa kwa zaka zambiri amamana mtima wake mpumulo umenewu, ndipo amakhala pa chiopsezo chachikulu cha matenda a kuthamanga kwa magazi. Matendawa ndi ofala kale pakati pathu. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la World Health Organization adapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa.

Yachiwiri ndi kulimbitsa chitetezo cha m'thupi. Mu 2015 Aric Prather ndi anzake ku America adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 164 amene adadonthezedwa dala kachilombo ka chimfine m'mphuno. Amene ankagona maola osakwana 6 adadwala chimfine mochuluka pafupifupi kanayi kuposa amene ankagona maola opitirira 7.

Yachitatu ndi kuwongolera njala ndi shuga wa m'magazi. Wosagona mokwanira amamva njala pafupipafupi, amalakalaka zotsekemera ndi zamafuta, ndipo thupi lake limavutika kugwiritsa ntchito shuga. Imeneyi ndi njira imodzi yopitira ku kunenepa kosayenera ndi matenda a shuga.

Yachinayi ndi kukhazika maganizo. Kholo losagona limapsa mtima msanga. Mwana akataya madzi, limamkalipira koposa muyeso, ndipo nkhani yaing'ono ya ndalama ya ndiwo imasanduka ndewu ya m'banja. Mutu umawawa, munthu amaiwalaiwala, ndipo ena amagwidwa ndi nkhawa yosatha.

Yachisanu ndi kutiteteza ku ngozi. Mu 1997 Drew Dawson ndi Kathryn Reid a ku Australia adaonetsa kuti munthu amene wakhala maola 17 osagona amachedwa kuona ndi kuchitapo kanthu ngati munthu amene wamwako mowa, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi woledzera amene saloledwa kuyendetsa galimoto. Taganizirani za bambo wa kabaza kapena dalaivala wa minibasi amene wadzuka 3:30 ndipo akadali pamsewu 8:30 usiku. Taganiziraninso za mayi amene akuwodzera pambali pa chiwaya cha mafuta owira, mwana ali kumbuyo.

Tisaiwalenso malungo. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku mpaka m'bandakucha. Mayi amene watuluka m'neti 3:30 nakhala pakhonde kukupiza mbaula wadzipereka yekha kwa udzudzu, makamaka m'nyengo ya dzinja.

KODI KUGONA KWAMBIRI LOWERUKA KUMABWEZA NGONGOLE YONSE?

Ena angaganize kuti mankhwala ake ndi kungogona mpaka masana tsiku limene kulibe zochitika. Kugonako Loweruka kumathandiza ndithu: kutopa kumachepa, mutu umapepuka. Koma sikubweza zonse. Mu 2019 akatswiri a ku University of Colorado, motsogozedwa ndi Kenneth Wright, adayesa anthu amene ankaloledwa kugona maola 5 okha pakati pa sabata, kenaka nkugona m'mene angafunire kumapeto kwa sabata. Atabwerera ku tulo tochepa, anthuwo adapitiriza kudya kwambiri usiku, adanenepa, ndipo matupi awo adavutikabe kugwiritsa ntchito shuga.

Chifukwa chake nchakuti m'thupi mwathu muli wotchi yachilengedwe imene imayendera kuwala ndi mdima. Mdima ukagwa, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa melatonin timene timauza thupi kuti nthawi yogona yafika, ndipo kukacha timadzito timachepa. Akatswiri atatu amene adatulukira m'mene wotchi imeneyi imayendera, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, adalandira mphotho ya Nobel mu 2017. Wotchiyi imakonda chizolowezi. Imafuna kuti tizigona ndi kudzuka pa nthawi yofanana masiku onse.

Phunziro lake ndi ili: tulo ta kumapeto kwa sabata tili ngati nkhokwe yaing'ono yothandiza pa nthawi ya njala. Nkhokweyo singadyetse banja chaka chonse, koma kuigwetsa nkuwonjezera njala. Tiyenera kuiteteza, komanso tiyenera kukonza magonedwe athu a masiku onse.

NANGA MWANA AMENE TIKUMUVUTIKIRAYO?

Kholo limapirira zonsezi pofuna kuti mwana akhoze. Koma mwana amafuna tulo tambiri kuposa wamkulu. Malinga ndi malangizo amene bungwe la American Academy of Sleep Medicine lidatulutsa mu 2016, mwana wa zaka 6 mpaka 12 ayenera kugona maola 9 mpaka 12, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 ayenera kugona maola 8 mpaka 10. Mtsikana wa zaka 14 wodzutsidwa 4:30 ayenera kukhala atagona pofika 8:30 usiku. Ndi nyumba zingati ku Mtsiliza zimene nsima imakhala itadyedwa ndi mbale zitatsukidwa pofika nthawi imeneyo?

Zimene mwana waphunzira masana zimakhazikika m'mutu pamene ali m'tulo. Zimenezi zidadziwika kalekale. Mu 1924 John Jenkins ndi Karl Dallenbach a ku Cornell University adapeza kuti munthu amakumbukira bwino zimene waloweza akagona pambuyo pake, kusiyana ndi akakhala maso kwa maola omwewo. Mwana wowerenga mpaka pakati pa usiku nkulawirira kusukulu ali ngati munthu wotunga madzi m'ndowa yobooka.

Komanso ana akamasinkhuka, wotchi ya m'thupi mwawo imasintha, mwakuti tulo timawapeza mochedwerapo usiku ndipo m'mawa amavutika kudzuka. Si ulesi ayi, ndi chilengedwe. Nchifukwa chake mu 2014 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics lidalangiza kuti sukulu za ana osinkhuka zisamayambe 8:30 isanakwane, ndipo dera la California lidakhazikitsa lamulo lotere mu 2019, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2022. Kwathu kuno zinthu nzosiyana: dzuwa limatentha msanga, ndipo m'sukulu zina ana amasinthana zipinda, ena m'mawa, ena masana. Sitingatengere zonse za kunja. Koma pa Loweruka zipinda zimakhala zopanda anthu tsiku lonse, ndipo palibe chimene chingatiletse kuyamba dzuwa litatuluka.

ZIMENE BANJA LINGACHITE

1. Werengerani chobwerera m'mbuyo. Mukadziwa nthawi yodzuka, bwererani maola 7 kwa inu ndi maola 9 kwa mwana. Imeneyo ndiyo nthawi yozimitsa nyali.

2. Konzeranitu Lachisanu kusanade. Tungani madzi, chapani yunifolomu, ikani makala ndi zoyatsira pafupi ndi mbaula. Phikiranitu mbatata kapena chinangwa, muvundikire bwino, ndipo m'mawa mutenthetse mpaka zitenthe ndithu musanampatse mwana.

3. Gawanani ntchito. Mutu umodzi susenza denga. Sabata ino aperekeze mwana ndi bambo, sabata yamawa mayi. Ana aamuna nawonso aphunzire kuyatsa mbaula ndi kufunditsa madzi.

4. Panganani ndi anansi. Ngati ana asanu a mumzere umodzi wa nyumba akupita kusukulu imodzi, palibe chifukwa choti makolo asanu adzuke. Kholo limodzi liwaperekeze onse, mosinthana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

5. Mukalawirira, gonaniko masana kwa mphindi 20 kapena 30 mutadya nkhomaliro. Musagone nthawi yaitali kapena madzulo kwambiri, kuopa kusowa tulo usiku. Mlonda woweruka m'mawa ayenera kugona maola ake onse masana, m'chipinda chotchinga kuwala, ndipo ana auzidwe kuti asasokose.

6. Pewani tiyi wamphamvu, khofi ndi zakumwa za kola madzulo. Mowa umagonetsa msanga, koma tulo take ntosapumitsa thupi ndipo munthu amadzidzimuka pakati pa usiku.

7. Zimitsani foni, wailesi ndi kanema nthawi yogona ikayandikira.

8. M'nyengo yozizira musagone ndi mbaula yoyaka m'nyumba yotseka pofuna kuti m'mawa moto upezeke msanga. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo.

9. Mukatuluka kusanache, valani zofika m'mikono ndi m'miyendo, ndipo onetsetsani kuti ana otsala m'nyumba afundikiridwa bwino ndi neti.

ZIMENE KOMITI YA SUKULU INGACHITE

Nthawi ya zochitika za Loweruka siidalembedwe pamwala. Amaika ndi anthu, ndipo anthu omwewo angathe kuisintha. Kudandaulira kumbali sikuthandiza. Pitani kumsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, imikani dzanja, ndipo mwaulemu mupemphe kuti zinthu izi ziganiziridwe.

Maphunziro a Loweruka ayambe 8 koloko m'malo mwa 6 koloko. Maola ophunzira akhala omwewo, koma mwana adzafika atagona, atadya, ndiponso atayenda poyera. M'miyezi yozizira pasakhale chochitika chofuna kuti mwana anyamuke mumdima.

Uthenga uperekedwe sabata yathunthu tsikulo lisanafike, osati Lachisanu madzulo, kuti makolo akonzekere. Komiti ikhoza kulemba masiku onse a chitukuko kumayambiriro kwa teremu.

Makolo agawidwe m'magulu, kuti gulu lililonse libwere Loweruka limodzi pa mwezi m'malo moitana onse sabata iliyonse. Ogwira ntchito usiku apatsidwe nthawi ya madzulo. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ana akhanda, okalamba amene akulera adzukulu, ndi odwala asakakamizidwe kulawirira. Mayi amene waphika phala sabata imeneyo awerengedwe kuti wagwira kale gawo lake.

Pomaliza, pakhale Loweruka limodzi pa mwezi lopanda chochitika chilichonse, kuti ana, makolo ndi aphunzitsi apume. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi alangizi a zaumoyo angathandize kufikitsa mawu amenewa. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mukhoza kumpempha kuti adzalankhulepo pamsonkhano wa makolo.

NDI LITI PAMENE TIYENERA KUPITA KUCHIPATALA?

Kutopa kwina sikutha ndi kugona kokha. Kaonaneni ndi achipatala ngati mukulephera kugona mausiku atatu kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi itatu, ngakhale mpata wogona ulipo. Ngati anzanu akukuuzani kuti mumaliza mkonono kwambiri ndi kubanika m'tulo. Ngati mumawodzera pa chiwongolero kapena pantchito. Ngati mutu umakuwawani m'mawa uliwonse, mukumva chizungulire kapena mtima ukugunda mothamanga. Ndiponso ngati mwataya chimwemwe ndipo mumangolira popanda chifukwa chodziwika. Kutopa kosatha kungakhalenso chizindikiro cha kuchepa kwa magazi, matenda a shuga, chifuwa chachikulu kapena matenda ena ofuna kuyezedwa.

Odwala khunyu asamale koposa, pakuti kusagona kumadzutsa matendawa. Ngati mwana wanu ali ndi khunyu, auzeni aphunzitsi kuti asamamulawiritse. Musagule mapiritsi ogonetsa pamsika kapena kupempha kwa mnansi; mankhwala otere amaperekedwa ndi dokotala yekha. Ndipo popeza lero muli kale pachipatala, pemphani kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi musanabwerere kunyumba.

MAWU OTSIRIZA

Mwana wa Sitandade 8 ali ndi ulendo wautali patsogolo pake: zaka zinayi za sekondale, ndipo mwina zina za kukoleji. Pa ulendo wonsewo adzafuna kholo lamoyo ndi lamphamvu, lomulipirira zofunika ndi lomulangiza. Mayi amene wadwala chifukwa chodzimana tulo sangathe kukazinga mandasi, ndipo bambo amene wachita ngozi chifukwa chowodzera panjinga sangathe kugula makope. Kusamala tulo tanu ndi mbali imodzi ya kusamala maphunziro a mwana wanu.

Tsono uthenga wa 6 koloko ukadzafikanso pakhomo panu Lachisanu likudzali, chitani zinthu ziwiri. Usiku umenewo zimitsani nyali msanga. Ndipo pamsonkhano wotsatira wa makolo, kawafotokozereni aphunzitsi ndi a komiti nthawi imene mumadzuka kuti mwana afike 6 koloko. Mwina palibe amene adawawerengerapo maola amenewo.